Mmene Mungapezere Vuto la Mabuleki a Galimoto Yanu ndi Kulikonza

Mabuleki a galimoto sakonda kuwonongeka mwadzidzidzi popanda kuchenjeza. Kawirikawiri amayamba ndi kaphokoso kosamveka bwino, kapena pedulo imene yayamba kutsika kwambiri kuposa kale, kapena galimoto imene ikukokera mbali imodzi mukaponda buleki, ndipo woyendetsa amazolowera kusinthako mpaka kuiwala mmene mabulekiwo ankagwirira ali bwinobwino. Anthu ambiri akaganiza zokonza amathamangira kukagula mapadi atsopano asanadziwe chimene chavuta. Mapadi amathadi, koma pedulo yofewa, tayala lotentha ndiponso galimoto yokokera kumbali kawirikawiri zimachokera kwina, ndipo munthu amene wasintha mapadi okha pa mavuto otere amabwerera pamsewu ndi vuto lake lomwe lija, ndalama atataya. N'chifukwa chake malangizo awa akuyamba ndi kufufuza, ndipo sipanala igwiridwa pokhapokha phazi, khutu, mphuno ndi maso zitaloza mbali imene ikudwala.

Kuti zizindikiro zimveke, m'pofunika kudziwa njira imene mphamvu ya phazi lanu imadutsa. Mukaponda pedulo, chitsulo chakuda chozungulira chotchedwa booster, chimene chimakhala pakhoma lolekanitsa injini ndi malo okhala anthu, chimachulukitsa mphamvuyo mothandizidwa ndi kuyamwa mpweya kwa injini. Mphamvuyo imakankha mapisitoni a mu master cylinder, imene pamwamba pake pali kathanki ka mafuta a mabuleki, ndipo mafutawo amayenda m'mapaipi achitsulo ndi amphira mpaka pa tayala lililonse. Kutsogolo, magalimoto ang'onoang'ono amasiku ano pafupifupi onse ali ndi disiki imene imafinyidwa ndi mapadi awiri okhala mu caliper, chitsulo chokhala ndi pisitoni imene imakankha mapadiwo. Kumbuyo kumakhala disiki kapena diramu, ndipo mu diramu muli ma brake shoe awiri amene wheel cylinder imawatambasula kuti akhuze mkati mwa diramuyo. Zonsezi zimatheka chifukwa mafuta safinyika, pamene mpweya umafinyika. Kathovu kakang'ono ka mpweya kakalowa m'paipi, mbali ina ya mphamvu ya phazi lanu imathera pofinya kathovuko m'malo moimitsa galimoto.

Yambani ndi phazi, galimoto isanayende

Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, injini ili yozima, ndipo pondani pedulo kangapo mpaka muimve kuti yalimba. Phazi likadali pomwepo, lizani injini. Ngati booster ili bwino, pedulo imatsika pang'ono injini ikangolira. Ikapanda kusuntha, makamaka ngati poyendetsa mumachita kukankha ndi mwendo wonse kuti galimoto iime, vuto lili pa booster kapena pa paipi yamphira yonenepa imene imachokera ku injini n'kulowa mu boosteryo. Yang'anani paipiyo kaye musanaweruze booster, chifukwa imakonda kung'aluka kumapeto kapena kuvuka pang'ono, ndipo kuisintha ndi ntchito yochepa. Mvetseraninso ngati pafupi ndi pedulo pakumveka phokoso la mpweya mukaponda, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro chakuti mphira ya mkati mwa booster yabooka. Magalimoto a dizilo amakhala ndi pampu yakeyake yoyamwa mpweya m'malo modalira injini, choncho pa magalimoto amenewo pampuyo nayonso iyenera kuyang'anidwa.

Kenako, injini ikulirabe, pondani pedulo mosagwiritsa ntchito mphamvu zambiri n'kuigwira choncho kwa mphindi imodzi. Pedulo yabwino imaima pamalo amodzi. Ikamatsika pang'onopang'ono kulowera pansi, ndiye kuti mafuta akuthawa penapake, ndipo malo othawira alipo amitundu iwiri. Mwina akudontha kunja, pa paipi, pa caliper kapena pa wheel cylinder, ndipo pamenepo m'kathanki mafuta amachepa. Mwinanso akudutsa m'mbali mwa mphira zotha za mkati mwa master cylinder n'kubwerera m'kathanki, ndipo pamenepo mafuta sachepa ngakhale pang'ono, pansi sipanyowa, koma pedulo imatsikabe. Palinso njira ina imene imasokoneza anthu ambiri: master cylinder ikadontha kumbuyo kwake, mafuta amalowa mu booster osaoneka kunja. Unikani ndi tochi pamene ziwirizi zalumikizana, ndipo mukaona penti itasupuka kapena mzere wonyowa ukutsika, mwapeza gwero la vutolo.

Pedulo yofewa, imene imamveka ngati mwaponda mpira wosapopa bwino koma n'kulimba mukaipopa kawiri kapena katatu, nthawi zambiri imasonyeza kuti m'mapaipi muli mpweya. Komabe pa galimoto ya madiramu kumbuyo, ma shoe amene atalikirana kwambiri ndi diramu amachititsanso pedulo kutsika mofananako. Kuti musiyanitse, kokani handibuleki kenako pondani pedulo. Ikagwira m'mwamba kuposa poyamba, vuto lili pa kasinthidwe ka ma shoe akumbuyo, ndipo kubulida (kutulutsa mpweya m'mapaipi) sikungathandize chilichonse.

Ngati pedulo ikufika pansi, kapena mwapeza mafuta akudontha, galimotoyo isayende pamsewu ngakhale kamtunda kakafupi kopita kwa makanika. Ikonzedwere pomwepo kapena inyamulidwe.

Tsegulani boneti muone mafuta

Mafuta ayenera kukhala pakati pa mizere iwiri yolembedwa MIN ndi MAX pa kathanki. Akakhala kuti atsika pang'ono m'kupita kwa miyezi, musafulumire kuthira ena, chifukwa mapadi akamatha, mapisitoni amatuluka kwambiri ndipo mafuta amatsikira m'malo amene atsegukawo. Kutsika koteroko ndi uthenga wakuti mukayang'ane mapadi. Mukangodzaza kathanki mwabisa uthengawo, ndipo tsiku limene mudzabweze mapisitoni kuti muike mapadi atsopano mafutawo adzasefukira. Kutsika kwa msanga, kwa masiku ochepa, ndiye kudontha.

Mafuta atsopano amakhala oyera moonekera mkati, otuwira pang'ono kuchikasu, ndipo akamakalamba amada. Chimene chimawawononga kwambiri ndi madzi. Mafuta a mabuleki a mitundu yotchedwa DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo chinyezicho chimatsitsa kutentha kumene mafutawo amawirira. Malinga ndi muyezo wake, mafuta atsopano a DOT 3 sayenera kuwira asanafike madigiri 205 a Celsius, a DOT 4 madigiri 230, ndipo a DOT 5.1 madigiri 260. Koma akayamwa madzi, malire a DOT 3 amatsika kufika pa madigiri 140 ndipo a DOT 4 pa 155. Kutentha kotereku caliper imakufikira mosavuta pa chitsetso chachitali ngati woyendetsa wagoneka phazi pa buleki m'malo motsitsa giya, ndipo mafuta akawira amapanga nthunzi imene imafinyika ngati mpweya, pedulo n'kulowa pansi. Choopsa chake n'chakuti mabuleki akazizira amabwereranso ngati palibe chachitika, ndipo mwini galimoto amaiwala. Pedulo imene inatayapo mphamvu pa chitsetso n'kubwerera yokha ikufuna mafuta atsopano onse. Opanga magalimoto ambiri amalangiza kusintha mafutawa pakatha zaka ziwiri zilizonse, kaya galimoto yayenda kwambiri kaya ayi.

Mtundu woyenera umalembedwa pa chivindikiro cha kathanki. Mafuta a DOT 5 ndi a silikoni ndipo sasakanizidwa ndi mitundu itatu ija, ngakhale dzina lake likufanana ndi la DOT 5.1. Oyilo wa injini, mafuta a chiwongolero kapena a giyabokosi asalowe m'kathanki kameneka ngakhale dontho, chifukwa amatupitsa mphira zonse za mabuleki. Gwiritsani ntchito botolo limene mwangolitsegula kumene, ndipo mafuta akadonthera pa penti ya galimoto muwatsuke ndi madzi nthawi yomweyo chifukwa amasupula penti.

Kuyesa pamsewu

Ngati pedulo yalimba ndipo mafuta alipo okwanira, pitani pamsewu wowongoka wopanda magalimoto ambiri, tsitsani magalasi, zimitsani wailesi, ndipo muyende pa liwiro la makilomita 30 kapena 40 pa ola. Pondani buleki mofatsa kangapo, kenako mwamphamvu kamodzi kapena kawiri, manja atagwira chiwongolero mosafinya kuti mumve chimene galimoto ikuchita.

Kulira kopyapyala kwa tswii kawirikawiri kumachokera pa kachitsulo kakang'ono kamene opanga anaika dala pa padi kuti kazikhudza disiki padiyo ikatsala pang'ono kutha. Pa magalimoto ena kulirako kumamveka musanaponde n'kusiya mukaponda. Kulira kwa m'mawa mvula itagwa, kumene kumatha mukaponda kangapo, ndi kadzimbiri kopyapyala ka pa disiki ndipo sikufuna mankhwala. Phokoso lokukuta, lomveka kuti chitsulo chikudya chitsulo chinzake, ndi nkhani ina: padi yatheratu ndipo msana wake ukupala disiki, moti ulendo uliwonse umene mukuwonjezera ukuwonjezeranso zinthu zimene mudzagule. Kugogoda kamodzi pamene mwangoponda kumasonyeza bawuti ya caliper yomasuka, timapini togwira mapadi totha, kapena mabushi a miyendo ya galimoto.

Chiwongolero chikamanjenjemera poponda buleki pa liwiro, vuto lili pa madisiki akutsogolo. Kunjenjemera kukamamveka pa mpando ndi pa pedulo koma chiwongolero chili phee, yang'anani kumbuyo. Anthu amangoti disiki yapindika, koma kawirikawiri imakhala kuti yatha mosafanana, pena ponenepa pena popyapyala, chifukwa chakuti inamangidwa pa hub ya dzimbiri (hub ndi chitsulo chimene disiki ndi tayala zimamangidwapo) kapena manati a tayala anamangidwa mosalingana. Musasokoneze zimenezi ndi kugunda kwa pedulo kumene kumabwera mukaponda mwadzidzidzi pamsewu woterera, chifukwa pamenepo ndi ABS, chipangizo choletsa matayala kukhwekhwereza, imene ikugwira ntchito yake.

Galimoto imakokera mbali imene buleki ikugwira mwamphamvu, ndiye kuti nthawi zambiri wolakwa amakhala mbali inayo, imene yafooka. Musanamasule chilichonse yesani mpweya wa matayala onse, chifukwa tayala lochepa mpweya limakokanso galimoto. Matayala akakhala bwino, ganizirani za caliper yogwira dzimbiri, padi yonyowa ndi oyilo kapena girizi, kapena paipi yamphira imene yatsekeka mkati pamene kunja ikuoneka yabwino.

Mukabwerako, yandikizani dzanja pa tayala lililonse koma musakhudze disiki, chifukwa imawotcha. Tayala limodzi likatentha kwambiri kuposa linzake la mbali inayo, kapena likamanunkha kupsa, buleki yake sikumasuka mukachotsa phazi.

Kukweza galimoto ndi kuyang'ana ndi maso

Tsekerani matayala amene atsale pansi ndi mitengo yolimba kutsogolo ndi kumbuyo, ikani giya yoyamba kapena P, ndipo masulani manati pang'ono tayala likadali pansi. Ikani jeke pamalo amene buku la galimoto likusonyeza, kwezani, kenako tsitsirani galimotoyo pa masitandi achitsulo. Jeke ndi yokwezera basi, ndipo njerwa zimaphwanyika mosachenjeza. Tayala limene mwachotsa muligoneke pansi pa galimoto m'mbali kuti likhale chitetezo chachiwiri.

Pa tayala lija linatentha, lizungulizeni ndi manja musanalichotse. Likamakana kuzungulira, masulani pang'ono kabawuti kobulidira ka pa caliper. Mafuta akatuluka mwamphamvu tayala n'kumasuka, ndiye kuti caliper ilibe mlandu, koma paipi yamphira kapena master cylinder ndi imene ikusunga mphamvu ya mafuta osaibweza. Tayala likapitiriza kukana, pisitoni kapena mapini a caliper agwira. Kuyesa kumeneku kumatenga mphindi zochepa koma kwapulumutsa ma caliper ambiri amene akanatayidwa ali abwino.

Yang'anani kunenepa kwa mapadi onse awiri, wamkati ndi wakunja, osawerengera msana wachitsulo. Padi yatsopano imakhala pafupifupi mamilimita 10 mpaka 12, ndipo ikafika pa mamilimita 3 nthawi yosintha yakwana. Mmene mapadi athera ndi umboni wofunika kuposa kunenepa kwake. Imodzi ikatha kwambiri kuposa inzake, kapena ikatha mopendekera, caliper sikuyenda bwino pa mapini ake kapena pisitoni sikubwerera, ndipo mapadi atsopano adzathanso chimodzimodzi ngati simukonza zimenezo.

Pa disiki fufuzani mizere yakuya, ming'alu, ndi mtundu wabuluu wosonyeza kupsa. Disiki iliyonse ili ndi malire a kupyapyala kwake olembedwa m'mphepete kapena pakati, nthawi zambiri motsatana ndi zilembo MIN TH. Yezani ndi micrometer, chipangizo choyezera kunenepa kwa chitsulo, pamene mapadi amakhudza, osati pa mlomo wakunja umene sutha. Disiki imene yadutsa malirewo, kapena imene ili ndi mng'alu, isinthidwe pamodzi ndi inzake ya mbali inayo. Pomaliza pemphani munthu wina aponde pedulo inu mukuyang'ana paipi yamphira: ikatupa pena, kapena ikakhala ndi timing'alu mukaipinda, yatha. Tsatiraninso mapaipi achitsulo pansi pa galimoto, makamaka pamene agwidwa ndi timapini, chifukwa dzimbiri limayambira pamenepo.

Kusintha mapadi

Mapadi amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, kumanja ndi kumanzere, ngakhale mbali imodzi ikuoneka kuti ikadali ndi moyo. Malizani mbali imodzi musanamasule inayo, kuti mukasokonezeka mukhale ndi poonera.

Pindani chiwongolero kuti caliper iyang'ane kwa inu, masulani mabawuti awiri a mapini ake, ndipo muisolole pa disiki. Ikolowekeni ndi waya pa sipuling'i ya galimoto, isalendewere pa paipi yamphira, chifukwa kulemera kwake kumawononga paipiyo mkati mosaoneka. Chotsani mapadi akale mutaonetsetsa mbali imene kachitsulo kochenjeza kanali, ndipo ngati pali waya wa sensa muumasule mosamala.

Tsopano solorani mapini awiri aja pa chimango chake. Apa ndi pamene ntchito yabwino imasiyanirana ndi yongothamangira. Pini iliyonse iyenera kulowa ndi kutuluka ndi zala zokha. Ipukuteni, chotsani girizi wakale wouma, palani dzimbiri ngati lilipo, ndipo muipake girizi wa silikoni wopangidwira mabuleki. Girizi wamba amatupitsa mphira zophimba mapiniwa ndipo pakapita miyezi pini imagwiranso. Mphira yong'ambika isinthidwe, popeza ndi imene imalowetsa madzi. Tsukaninso ndi burashi yawaya m'timipata mmene makutu a mapadi amatsetsereka, mpaka padi yatsopano izilowa popanda kuimenya ndi nyundo.

Kuti mapadi atsopano akwane, pisitoni iyenera kubwerera mkati. Tsegulani chivindikiro cha kathanki, ikani padi yakale pa pisitoni, ndipo mufinye pang'onopang'ono ndi chitsulo chopanira chotchedwa G-clamp, uku mukuyang'ana kuti mafuta asasefukire. Akayandikira pakamwa, yamwani ena ndi jakisoni woyera. Pisitoni yabwino imabwerera mosavuta. Ikakana, kapena mukaona mphira yake itang'ambika ndipo pisitoniyo ili ndi dzimbiri, caliper ikufunika kuikidwa mphira ndi pisitoni zatsopano kapena kusinthidwa yonse. Chenjerani ndi ma caliper akumbuyo amene amagwiranso ntchito ya handibuleki, chifukwa mapisitoni ake ambiri amabwerera mochita kupotokola ndi chipangizo chake, ndipo kuwafinya ndi G-clamp kumawathyola mkati. Magalimoto a handibuleki ya batani amafuna kuti mota yoyendetsa handibulekiyo ibwezedwe kaye motsatira buku lake kapena ndi kompyuta yoyezera galimoto.

Ngati mukusinthanso disiki, masulani chimango cha caliper, chotsani disiki yakale, ndipo palani nkhope ya hub mpaka chitsulo chiwale, chifukwa kadzimbiri kochepa kotsalira pamenepo n'kokwanira kubweretsanso kunjenjemera. Disiki yatsopano imabwera itapakidwa mafuta oteteza dzimbiri, amene ayenera kutsukidwa ndi mankhwala otsukira mabuleki. Ikani mapadi, ndipo ngati mukupaka girizi wa mabuleki, mupake pang'ono pa makutu ndi pamsana pokha. Nkhope ya padi ndi ya disiki zikhale zouma ndi zoyera. Bwezerani caliper mutaonetsetsa kuti paipi sinapotoke, kenako mangani mabawuti ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa mlingo umene buku la galimotoyo likunena.

Madiramu ndi handibuleki

Tsekerani matayala akutsogolo bwinobwino, tsitsani handibuleki, kenako solorani diramu. Ikakana, bwezani kagudumu kosinthira ma shoe kudzera pa kabowo kake, ndipo madiramu ena ali ndi mabowo awiri a mazinga olowetsamo mabawuti kuti adzikankhe okha. Fumbi la mkatimo musalipemerere ndi pakamwa kapena ndi kompresa, chifukwa ndi loipa m'mapapo ndipo zipangizo zina, makamaka zakale, zimakhala ndi asibesitosi. Litsukeni ndi mankhwala otsukira mabuleki mutavala chophimba mphuno.

Jambulani chithunzi musanachotse sipuling'i ngakhale imodzi. Tukulani pang'ono mphira za kumapeto kwa wheel cylinder, ndipo mukapeza mafuta mkati mwake, yayamba kudontha ndipo isinthidwe. Ma shoe amene anyowa ndi mafuta a mabuleki kapena oyilo wochokera mu ekisele satsukika, chifukwa mafutawo amalowerera mkati n'kudzatulukanso akatentha. Amene apyapyala kufika pafupifupi mamilimita 2 asinthidwenso, mbali zonse ziwiri. Mukamanga, zungulizani kagudumu kosinthira mpaka diramu iyambe kukhudza pang'ono pozungulira, kenako bwezani pang'ono kuti izungulire momasuka. Chingwe cha handibuleki chimakokedwa pomalizira, ma shoe atakhala kale m'malo mwake. Kuchikoka pofuna kubisa ma shoe otha kumangochititsa kuti mabuleki akumbuyo azikhuza nthawi zonse.

Kubulida

Ntchito imeneyi imafunika nthawi iliyonse imene mwatsegula paipi, mwasintha caliper, wheel cylinder kapena master cylinder, kapena pamene pedulo yafewa chifukwa cha mpweya. Pamafunika anthu awiri, kapaipi kapulasitiki koonekera mkati, botolo loyera lokhala ndi mafuta pang'ono pansi, ndi sipanala yozungulira yokwana bwino pa kabawuti kobulidira. Kabawutika n'kobooka mkati ndipo kamathyoka msanga, choncho ngati kagwira dzimbiri kathireni mafuta omasulira n'kudikira, m'malo mokakamiza.

Dzazani kathanki mpaka pa MAX. Pa magalimoto ambiri mumayamba ndi tayala limene lili kutali kwambiri ndi master cylinder n'kumalizira lapafupi, koma ena ali ndi dongosolo lawolawo, ndipo buku la galimoto ndi limene liyenera kutsatidwa. Ikani kamtengo pansi pa pedulo kuti isafike pansi penipeni, chifukwa pa master cylinder yakale mphira zikapita kumalo kumene sizifikako masiku onse zimakumana ndi dzimbiri n'kung'ambika.

Vekani kapaipi pa kabawuti, mbali inayo ilowe m'mafuta a m'botolo. Uzani mnzanuyo kuti, "Pondani katatu pang'onopang'ono, kenako gwirani." Akayankha kuti wagwira, masulani kabawuti pang'ono, ndipo mudzaona mafuta akutuluka ndi thovu pamene pedulo ikutsika. Mangani kabawutiko pedulo isanabwerere, ndipo pokhapo muwauze kuti, "Siyani tsopano." Dongosolo limeneli lisasokonezeke, chifukwa phazi likachoka kabawuti kali kotsegula, mpweya umayamwidwa kubwerera mkati. Bwerezani mpaka mafuta otuluka akhale oyera opanda thovu, kenako pitani pa tayala lotsatira. Muziyang'ana kathanki pafupipafupi n'kumawonjezera, popeza kakauma mpweya umalowa kuchokera kumwamba ndipo ntchito yonse imayambiranso. Mafuta amene atulukira m'botolo lija asabwererenso m'galimoto.

Pedulo ikakhalabe yofewa mutabulida matayala onse, onetsetsani kuti ma caliper sanasinthanitsidwe mbali. Kabawuti kobulidira kayenera kukhala kumwamba kwa caliper, chifukwa mpweya umakwera, ndipo kakakhala kumunsi mungabulide tsiku lonse osautulutsa. Mpweya ukalowa m'bokosi la ABS, magalimoto ena amafuna kompyuta yotsegula mavavu ake, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makanika amene ali ndi chipangizocho.

Musanabwerere pamsewu

Bwezerani matayala, mangani manati ndi manja kaye, tsitsani galimoto, kenako malizani kumanga modumphadumpha, nati iyi kenako yoyang'anizana nayo, pa mlingo woyenera. Musanalize injini popani pedulo mpaka ilimbe. Mapisitoni amene munawabweza ali kutali ndi mapadi, ndipo kuponda koyamba kumafika pansi popanda kugwira chilichonse, moti munthu woiwala zimenezi amagunda khoma asanatuluke n'komwe pamalo okonzerapo. Onaninso mlingo wa mafuta, tsekani kathanki, ndipo wina aponde mwamphamvu inu mukuunika paliponse pamene munamasula.

Nyali yofiira ya mabuleki pa dashibodi iyenera kuzima mukatsitsa handibuleki. Ikakhalabe, mafuta ndi ochepa kapena switchi ya handibuleki yagwira. Nyali yachikasu ya ABS ikamayaka, mabuleki wamba nthawi zambiri amagwirabe koma matayala angathe kukhwekhwereza mukaponda mwadzidzidzi. Yang'anani ngati simunakoke kapena kudula waya wa sensa ya pa tayala pogwira ntchito, ndipo ngati waya ali bwino, galimoto iyezedwe ndi kompyuta. Paipi yachitsulo yobooka isinthidwe ndi ina yopangidwira mabuleki, yokhala ndi milomo yopindidwa ndi chipangizo choyenera. Kuilumikiza ndi kapaipi kamphira ndi waya, kapena kuiphwanya ndi nyundo kuti tayala limodzi lisalandire mafuta, kumasiya galimoto imene idzazungulira pamsewu tsiku loyamba limene mudzaponde mwadzidzidzi.

Mapadi atsopano amafuna kuzolowerana ndi disiki. Pamsewu wopanda anthu, fikani pa liwiro la makilomita 50 kapena 60 pa ola, pondani mwapakatikati mpaka liwiro litsike kufika pa 10 koma osaima, ndipo bwerezani kangapo mukusiya kamtunda pakati kuti mabuleki apume. Mukamaliza yendani pang'ono osaponda kuti azizire, ndipo pewani kuima phazi lili pa pedulo madisiki akadali otentha kwambiri, chifukwa padi imasiya chidindo pa disiki chimene pambuyo pake chimamveka ngati kunjenjemera. Pa makilomita 200 oyambirira pewani kuponda mwamphamvu pokhapokha pakhale ngozi, ndipo mukayenda makilomita 50 mpaka 100 yesaninso manati a matayala onse amene munamasula, n'kuonanso ngati mafuta m'kathanki akadali pamene munawasiya.